Moto wochokera pamalo ophunzirira kuwombera mfuti: alipire ndani?

Funso: Munda wanga uli kunja kwa Lilongwe, moyandikana ndi malo amene anthu amaphunzirirapo kuwombera mfuti. Mu Okutobala moto unabuka mu udzu wouma wa kumeneko, n'kupsereza nkhokwe yanga yodzaza ndi chimanga. Kodi ndingapeze chipukuta misozi?

Yankho: Pepani kwambiri, bambo, chifukwa chimanga chimenecho chinali thukuta lanu la chaka chonse. Ngati nkhokweyo inalembedwa pa inshuwalansi ya moto, dziwitsani kampani yanu msanga, ndipo mupite ndi lipoti la apolisi pamodzi ndi zithunzi za phulusa ndi mitengo yopserera. Kampaniyo ikakulipirani, ili ndi ufulu wolondola eni malowo kuti aibwezere ndalama zake.

Ngati mulibe inshuwalansi, nkhaniyo ndi yolemera, pakuti kukhoti muyenera kusonyeza kuti motowo unayambiradi kwa iwo komanso kuti ananyalanyaza, monga kulekerera udzu osaulambula m'chilimwe. Mboni zimene zinaona utsi ukuyamba ndi zofunika zedi. Bungwe la Legal Aid Bureau limathandiza osakwanitsa kulipira loya, ndipo madandaulo okhudza kampani ya inshuwalansi amalandiridwa ku Reserve Bank of Malawi.