Ma probiotic m'damu la nsomba: athire kapena ayi?

Mayi wina wa ku Bembeke wanditumizira imelo. Ali ndi madamu awiri a chilunguni ndi makumba, ndipo wamalonda wina wawagulitsa botolo lopanda chizindikiro, akuti muli "mabakiteriya abwino" okulitsa nsomba msanga. Akufunsa: kodi sizingadwalitse ana akadya nsombazo?

Mayi, zikomo pofunsa musanathire. Ma probiotic si bodza ayi. Ndi tizilombo tamoyo, monga Bacillus subtilis, Lactobacillus kapena yisiti, tothandiza nsomba kugaya chakudya ndi kupikisana ndi tizilombo toyambitsa matenda m'matumbo. Mitundu yoyesedwa bwino siikhala yoopsa kwa wodya. Chondidetsa nkhawa ndi botolo lanulo.

M'banja la Bacillus mulinso Bacillus cereus, amene amatsegula m'mimba ndi kusanzitsa, ndipo poizoni wake wina satha ngakhale muwiritse. Ndi maso simungawasiyanitse. Wofulula zinthuzi m'chigubu kuseri kwa nyumba sadziwa chimene chaswana m'menemo, ngakhale atalumbira.

Vuto lina ndi lobisika kwambiri. Mabakiteriya amapatsirana chibadwa chosamva mankhwala, ngakhale a mitundu yosiyana, ndipo ena a mtundu wa Enterococcus amadziwika nazo. Akalowa m'damu sakhala momwemo. Mukakhuthula madzi amatsikira kudimba ndi kumtsinje komwe anzanu amachapa ndi kumwetsa ng'ombe. Tsiku lina munthu adzamwa mankhwala kuchipatala osachira, ndipo palibe adzaganize za damu.

Koma chimene chingakupheleni nsomba sabata yomweyino ndi mpweya. Tizilomboti timapuma. M'damu lodzadza kale manyowa a nkhuku ndi madeya otsalira, kuwonjezera tina, makamaka tosakaniza ndi shuga, kumamaliza mpweya usiku. Mbandakucha mupeza makumba ali pamwamba, kukamwa yasa! Mukaona zimenezo lekani kudyetsa, lowetsani madzi atsopano.

Kuzizira kwa ku Bembeke mukukudziwa kuposa ine. Mu June ndi July chilunguni chimangodya monyinyirika, mabakiteriyanso amachita ulesi. Kuthira nthawi imeneyo n'kutaya ndalama basi. Ndipo musalole wina akunamizeni kuti botolo lichiza zilonda. Matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS amene anabuka ku Mchinji mu 2020 amayamba ndi nkhungu ya m'madzi, ndipo ma probiotic si mankhwala ake.

Ndikadakhala inu, botolo limenelo sindikadathira, komanso sindikadalikhuthulira mumtsinje. Likwirireni m'dzenje kutali ndi chitsime. Mukafuna kuyesa ena, gulani olembedwa dzina lonse la bakiteriya, kampani yopanga ndi tsiku lotha ntchito, muwaonetse alangizi a zansomba ku Dedza boma. Yesani damu limodzi, linalo likhale loyerekezera. Za ana, chotsani matumbo, tsukani nsomba ndi madzi aukhondo, ipse bwinobwino, ndipo yotsala isagone yosatenthetsa.