Kwa mdzukulu amene wauzidwa kuti asiye mapiritsi asanakwere kuphiri

Mdzukulu wanga wa ku Chamama, funso lako ndalimva, ndipo ndikudziwa kuti achinyamata ambiri a m'makwaya ndi m'magulu a mapemphero muno m'Kasungu ali nalo mumtima ngakhale salitulutsa. Wanena kuti chaka chatha unadwala matenda a m'maganizo, unkachezera usiku osagona, unkamva mawu akukuyankhula popanda munthu pafupi, mpaka abale ako anakutengera kuchipatala kumene unapatsidwa mankhwala amene akubwezeretsa pa ntchito yako. Tsopano mtsogoleri wa gulu lanu wakonza zoti mukasale kudya kuphiri, ndipo wakuuza kuti womwabe mapiritsi akuonetsa kuti sakhulupirira machiritso a Mulungu. Wanenanso kuti chiyambire mankhwalawo pemphero lako lazirala, moto umene unkaumva kale sukuumvanso, ndipo ukuopa kuti mankhwala akutsekereza njira yako yopita kwa Mlengi.

Usasiye mankhwalawo pawekha, ndipo usawasiye chifukwa cha mawu a munthu amene sanakuyeze. Mankhwala monga haloperidol, chlorpromazine, risperidone kapena jakisoni wa fluphenazine amene ambiri amabayitsa mwezi ndi mwezi, amagwira ntchito pochepetsa mphamvu ya dopamine, imene ubongo umagwiritsa ntchito potumiza mauthenga, ndipo ukupeza bwino lero chifukwa chakuti mankhwalawo ali m'thupi mwako. Chimene chimanyenga anthu n'chakuti matenda sabwerera tsiku lomwelo limene munthu wasiya. Sabata yoyamba munthu amamva thupi kupepuka, tulo ta masana timatha, amaimirira mu mpingo n'kuchitira umboni kuti wachira, anthu n'kuomba m'manja. Matenda amadzabwera patapita masabata kapena miyezi, pamene oomba m'manja aja anabalalika kale, ndipo otsala ndi mayi ako, kufunafuna galimoto usiku. Ganiziranso kuti kuphiri mukachezera usiku wonse, pamene kusagona ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimadzutsa matenda amenewa msanga.

Ife achikulire tinaziona zoterezi pa matenda ena. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, anthu amene anali atatheratu anadzuka n'kubwerera kumunda, koma ena mwa iwo anauzidwa m'mapemphero kuti achiritsidwa ndipo ataye mabotolo awo, ndipo tinawaika m'manda. Palibe amene anabwera pamaliropo kudzavomera kuti anawasocheretsa. Sindifuna kuti zimenezi zibwerezedwe pa ana odwala m'maganizo.

Za chikhulupiriro, ndikuuze kuti kupemphera ndi kumwa mankhwala sizinayambe zalimbanapo pakati pa makolo athu. Iwo ankathira nsembe pakachisi kupempha Chauta kuti achiritse wodwala, ndipo pochoka pamenepo ankatenga khasu kukakumba mizu, popanda wonena kuti wokumba mizuyo wanyoza nsembe. M'Malemba amene iwe umawerenga, mfumu Hezekiya atadwala analira kwa Mulungu ndipo pemphero lake linamveka, komabe mneneri Yesaya analamula kuti amuike nkhuyu pachithupsa chake. Mneneri Eliya atatopa mpaka kupempha imfa m'chipululu, mngelo anamupatsa chakudya ndi madzi n'kumulola kuti agonenso, asanamve mawu a Mulungu kuphiri. Choncho wokuuza kuti piritsi ndi umboni wa kusakhulupirira akukusenzetsa katundu amene Malembawo sanakusenzetse.

Uganizirenso kumene tachokera. M'nthawi ya atsamunda odwala misala ankatsekeredwa ku Zomba pamalo amene anali mbali ya ndende, ndipo chipatala cha Zomba Mental chinatsegulidwa mu 1953, patangopita chaka chimodzi madokotala a ku Paris atayamba kugwiritsa ntchito chlorpromazine mu 1952. Mankhwala amenewa ndi amene anachititsa kuti odwala ambiri azichira ali kwawo, akulima ndi kulera ana. Ine ndikaona mwana ngati iwe akuimba kwaya atadwala matenda amene kale ankamangitsa munthu pamtengo, ndimathokoza Mulungu chifukwa cha nzeru zimene anapatsa opanga mankhwalawo.

Tsopano ndifike pa nkhani ya moto umene wazima, chifukwa ndikuona kuti ndiyo ikukupweteka kwambiri, ndipo sindikuuza kuti ukungodziganizira. Mankhwala amenewa amatha kulemetsa thupi, kubweretsa tulo, kuumitsa khosi ndi nsagwada, kunjenjemeretsa manja, kuchulukitsa malovu, kunenepetsa, ngakhalenso kuchititsa kuti chimwemwe ndi chisoni zonse zizimveka patali. Zimenezi ndi zoti ukawauze adokotala kapena anamwino mosabisa, m'mawu omwewo amene wandiuzira ine, chifukwa iwo angathe kuchepetsa mlingo, kusintha nthawi yomwera kuti uzimwa usiku, kukupatsa mtundu wina, kapena kuwonjezera benzhexol ngati vuto ndi kuuma kwa thupi. Odwala ambiri amangoti "ndili bwino" akafunsidwa, poopa kuoneka odandaula, kenako n'kukasiya mankhwala mwakachetechete kunyumba.

Koma pali mbali ina yowawa imene agogo ako ayenera kukuuza. Gawo lina la moto umene ukuulakalakawo linali matenda enieniwo. Munthu akamadwala motere amatha kumva ngati kumwamba kwatseguka, ngati vesi lililonse likunena za iye yekha, ngati wasankhidwa kupulumutsa dziko, ndipo kukoma kwa zimenezi n'kumene kumachititsa kuti moyo wa tsiku ndi tsiku uoneke wozizira akachira. Sindikunena kuti zonse zimene unakumana nazo zinali zachabe, pakuti Mulungu amayandikira munthu ngakhale ali pa mphasa ya matenda. Koma uyese zimene unkamvazo ndi zipatso zake. Mawu amene ankakuletsa kugona ndi kudya, amene ankakuuza kuti abale ako ndi afiti, amene ankakuopseza kapena kukulamula kuti udzivulaze, sanali ochokera kwa amene anakulenga. Zochokera kwa Iye zimamusiya munthu akutha kukonda anzake, kugwira ntchito ndi kumva uphungu. Ine ndakalamba ndikupemphera, ndipo masiku ambiri pemphero langa limakhala lachete, lopanda misozi kapena kunjenjemera, koma sindinaonepo kuti limamveka mochepa chifukwa cha zimenezo. Ukatha kukhala pansi n'kuwerenga salimo mpaka kumapeto maganizo ako osabalalika, dziwa kuti mankhwala akuthandiza pemphero lako.

Kusala kudya kuli ndi malo ake, koma wodwala sakakamizidwa. Abale athu Achisilamu amamulola wodwala kuti asasale m'mwezi wa Ramadan, ndipo Akatolika nawonso samanga odwala ndi lamulo la kusala m'nyengo ya Lenti. Ngati ukumwa chlorpromazine, dziwa kuti amachititsa chizungulire munthu akadzuka mofulumira ndipo khungu limapsa msanga ndi dzuwa, kotero kukhala paphiri masana onse wopanda madzi n'kudziika pangozi. Ungathe kupemphera nawo masana, kudya, kumwa mankhwala pa nthawi yake, n'kubwerera kukagona kunyumba.

Kwa inu atsogoleri a mapemphero ndi inu makolo, ndikupempheni mwaulemu. Mwana akabwera kwa inu atasokonezeka, mupempherereni ndi mtima wonse, koma musamumange zingwe, musamukwapule kapena kumukuwira m'makutu kuti chiwanda chituluke, chifukwa mantha amakulitsa matendawa. Mukatha kupemphera mufunseni ngati wamwa mankhwala ake, ndipo tsiku lake lokaonana ndi adokotala likafika, tumani wina amuperekeze. Akadandaula kuti mankhwala akumuvutitsa musamuyankhe kuti ndi misala yake, pajatu wamisala anaona nkhondo. Mabanja ena, makamaka chakumpoto kwa boma lino kumene ng'oma za vimbuza zimalira, amapitanso kwa asing'anga. Sindilimbana nawo pa zimenezo, koma wodwala asasiyitsidwe mankhwala a kuchipatala, ndipo chilichonse chakumwa chimene wapatsidwa kumeneko adokotala achidziwe. Chamba ndi kachasu ndiye ayi ndithu, chifukwa zimabweza matenda ngakhale munthu akumwa mapiritsi mokhulupirika.

Popeza ndiwe mtsikana, ndiwonjezere kuti ukayamba kuganiza za banja ndi mimba ukawauze achipatala usanaime, chifukwa mankhwala ena monga sodium valproate amavulaza mwana m'mimba, pamene carbamazepine amafooketsa mapiritsi olera ndi kachipangizo koika pamkono. Ndipo usaganize kuti aliyense amamwa mankhwalawa moyo wake wonse. Ena amene anadwala kamodzi kokha amatsitsiridwa mlingo pang'onopang'ono pakapita chaka kapena zaka ziwiri ali bwino, pamene ena amafunika kupitiriza nthawi yaitali, ndipo wogamula ndi amene akukuyeza, mogwirizana ndi iwe.

Tsiku la kuphiri lisanafike, tenga bukhu lako la kuchipatala, upemphe mayi ako kapena azakhali akuperekeze ku chipatala cha boma cha Kasungu, ukafotokoze za kuzizira kwa mtima kumene wandiuzaku. Ngati pafunika akatswiri ena, achipatala angakutumize ku St John of God ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, kapenanso ku Zomba. Ukapeza kuti mankhwala ako atha pachipatala, usangobwerera, koma ufunse ngati pali ena olowa m'malo mwake ndi tsiku limene ungabwerenso. Ukaona kuti tulo tayamba kukuthawa, mawu aja ayambanso, kapena maganizo ofuna kudzipha akubwera, uuze munthu wamkulu nthawi yomweyo ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Kwa mtsogoleri wanu upite ndi mayi ako, umuuze mwaulemu kuti uzipemphera nawo monga kale, koma mankhwala upitiriza kumwa mpaka achipatala atanena okha, ndipo akakana kukulandira motero, ukapemphere kumene angakulandire.