Sitata ikungoti "khe", injini ikugwira pokhapokha mukasiya kiyi: musagule kaye chilichonse

Bambo wina amene amawerenga zomwe ndimalemba wanditumizira funso pa imelo. Akuti akhala akukonza galimoto ya mtundu wa MGB ya 1976. Anaiphwasula yonse, anapenta bodi ndi chipinda cha injini, anaika mawaya atsopano ndi batire latsopano. Koma akapotoza kiyi, nthawi zina kumangomveka "khe" kamodzi basi, nthawi zina sitata imazungulira mwaulesi. Ikazungulira, injini sigwira kufikira pamene akusiya kiyi, ndipo apo m'pamene imatsokomola ngati ikufuna kulira. Koyilo, yomwe imapanga moto wa mapulagi, agula kale ina koma palibe chasintha. Akufunsa ngati agule sitata yatsopano.

Bambo, ndalama zanu zisungeni kaye. Pa galimoto yomwe yangopentedwa kumene, ine ndimayamba kukayikira penti ndisanakayikire sitata. Magetsi amachoka ku batire kudzera m'waya, koma pobwerera amadzera m'chitsulo cha bodi. Malo aliwonse omwe waya wa earth, wobwezera magetsi ku bodi, wamangidwa pamwamba pa penti, njira yobwerera yatsekeka. Nyali zimayaka bwinobwino chifukwa zimafuna magetsi ochepa, ndiye munthu amaganiza kuti zonse zili m'malo. Sitata ndi nkhani ina: imakoka ma amp opitirira 100 pozunguza injini, ndipo kampata kakang'ono pakati pa penti ndi bawuti sikangapereke zimenezo.

MGB imavutikirapo kwambiri chifukwa batire lake lili kumbuyo kwa mipando. Waya wonenepa wa + umayenda pansi pa galimoto mpaka kukafika pa solenoid ya sitata (siwichi yamagetsi yomwe ili pa sitatapo), pomwe wa - umamangidwa pa bodi pafupi ndi batire pomwepo. Injini imakhala pa mphira, choncho imadalira lamba wa waya wolukidwa amene amailumikiza ku bodi. Lambayu anthu ambiri amamuiwala pobwezeretsa injini. Akasowa, magetsi amadzipezera njira kudzera m'nthambo ya choke kapena ya accelerator. Mukayesa kuliza, gwirani nthambozi mosamala. Mukapeza zafunda, vuto mwalipeza.

Chomwe ndikufuna muchigwiritse ndi ichi: kuyeza waya galimoto ili chete sikukuuzani zoona. Multimeter, mita yoyezera magetsi, ikhoza kuonetsa 12.6V pa sitata ngakhale waya utatsala ndi timinga titatu tokha tosaduka. Zili ngati payipi yophwanyika pakati, mpopi uli wotseka madzi amaoneka odzaza, mukatsegula amangodontha. Muyeze pamene sitata ikugwira ntchito.

Ikani giya pa neutral, kokani handibuleki, chotsani kawaya ka - pa koyilo kuti injini isalire, ndipo pezani munthu woti azipotoza kiyi. Yambani ndi batire lenilenilo, nsonga za mita zikhudze mitu ya batire osati zomangira zake. Lodzaza limaonetsa pafupifupi 12.6V, ndipo pozunguza injini lisatsike kupitirira 9.6V. Likapambana pamenepo, onjezerani waya wautali ku mita, nsonga imodzi ikhale pa mutu wa - wa batire, ina pa chitsulo choyera cha injini. Popotoza kiyi mita isapitirire 0.3V. Mukaona 1V kapena 2V, magetsi amenewo akutayika pa earth. Chitani chimodzimodzi kuchokera pa mutu wa + kukafika pa bawuti yayikulu ya solenoid, apa malire ndi 0.5V. Mukapeza mbali yolakwa, sunthani nsonga ya mita cholumikizira ndi cholumikizira mpaka muone pomwe nambala yadumpha.

Kukonza kwake n'kosavuta. Masulani kaye waya wa - wa batire. Palani penti mpaka chitsulo chiwale, malo ongokwanira mutu wa waya, ikani washa ya mano, mangani zolimba, kenako pakani girizi pamwamba kuti dzimbiri lisalowe. Ndikudziwa kuti kupala penti yomwe mwaivutikira kumawawa mtima, koma njira ina palibe.

Mvetseraninso bwino "khe" ujayo. Kaphokoso kakang'ono ndi ka relay, kasiwichi kamagetsi kamene kali pakati pa kiyi ndi solenoid, pomwe solenoid imagunda mwamphamvu kuchokera pansi pa injini. Mawaya a Lucas, kampani yomwe inapanga zamagetsi za MGB, ali ndi mitundu yothandiza kwambiri: wabulauni uli ndi magetsi nthawi zonse, woyera umakhala ndi magetsi kiyi ikatsegulidwa, wakuda ndi earth. Woyera wa mzere wofiira umachoka pa kiyi kupita ku relay, ndipo woyera wa mzere wabulauni umachoka pa relay kupita ku solenoid. Ngati relay ikulira koma pa kawaya ka solenoid sipakufika magetsi ofanana ndi a batire, vuto lili pa relay kapena pa zolumikizira zake. Mawaya abulauni alibe fyuzi. Umodzi ukakhudza bodi umapsa mpaka mkati mwa mtolo wonse, n'chifukwa chake ndikukakamira zomasula batire musanagwire sipanala.

Tsopano za injini yomwe ikugwira mukasiya kiyi. N'kutheka kuti earth ikakonzeka vutoli lithanso, chifukwa sitata yovutika imamaliza magetsi onse n'kusiya koyilo ilibe kanthu. Likapitirira, yang'anani ballast. MGB za zaka zimenezi zimagwiritsa ntchito koyilo ya pafupifupi ma ohm 1.5, ndipo magetsi ake amadutsa kaye m'waya wochepetsa mphamvu, wotchedwa ballast, amene anabisidwa mu mtolo wa mawaya. Injini ikamayenda koyilo imalandira magetsi ocheperako, ndipo ndi momwe anaipangira. Koma poliza, batire limatsika, ndiye solenoid ili ndi kamutu kachiwiri kakang'ono kamene kamatumiza magetsi onse ku koyilo molunjika, kudzera m'waya woyera wa mzere wobiriwira mowala. Waya umenewu ukakhala wosalumikizidwa, moto wa mapulagi umakhala wofooka nthawi yonse yomwe sitata ikuzungulira. Mukasiya kiyi batire limabwerera mphamvu injini ikadazungulirabe pang'ono, moto n'kutuluka. Ndi zomwe mukuzionazo. Masitata ena olowa m'malo mwa oyambirira alibe kamutu aka, choncho suzumirani yanuyo.

Bwezerani kawaya ka - ndipo ikani mita pa + ya koyilo. Kiyi ili yotsegula, mapointi (tizitsulo tomwe timatseka ndi kutsegula njira ya magetsi a koyilo) atatsekeka, mukaona 6V kapena 7V musadandaule. Mapointi akakhala otseguka mita ionetsa 12V, zomwe zasocheretsa ambiri. Popotoza kiyi nambalayo ikwere n'kufanana ndi ya batire. Ikatsika, waya woyera wa mzere wobiriwira uja sukugwira ntchito. Ikafika pa ziro, kiyi nayo ikudula magetsi a waya woyera pa nthawi yoliza, zomwe zimachitika ndi siwichi yotha. Vuto lotembenuka nalo lilipo: injini yolira mukagwira kiyi n'kuzima mukangosiya ndiye kuti waya wa ballast waduka.

Koyilo yomwe mwagulayo ndikuikayikira. Chotsani mawaya ake muyeze pakati pa + ndi -. Mukapeza ma ohm 3, imeneyo ndi ya magalimoto opanda ballast, ndipo pa galimoto yanu ipereka moto wofooka injini ikamayenda. Bwezerani yakale ija ngati ikuonetsa 1.5. Mapointi nawo muwaone, mpata wake ndi 0.015 ya inchi, pafupifupi 0.4 mm.

Sitata muichotse pokhapokha mbali zonse ziwiri, ya earth ndi ya +, zapambana mayeso, magetsi okwanira akufika pa bawuti yayikulu ndi pa kawaya ka solenoid, koma iyo ikuzungulirabe mwaulesi. Ngakhale apo, nthawi zambiri ndi mabulashi otha kapena mkuwa wopsa mkati mwa solenoid, zinthu zomwe wokonza zamagetsi a galimoto amasintha popanda kutaya sitata yonse. Mukayeza, nditumizireni manambala anayi: a batire pozunguza injini, a mbali ya earth, a mbali ya +, ndi a pa koyilo popotoza kiyi.