Mabwana a mabungwe amenewa anayambira pati?

Achimwene, mwafunsa ngati anthu otsogolera mabungwe opezera nyumba odwala Edzi ku America anachita kupita kusukulu ya zimenezi. Ayi ndithu, ambiri anayambira mumsewu pa zionetsero. Tengani Housing Works ya ku New York, inayambitsidwa mu 1990 ndi anthu anayi a ACT UP, gulu lomwe linkachita zionetsero pomenyera ufulu wa odwala Edzi, Charles King, Keith Cylar, Eric Sawyer ndi Virginia Shubert, nthawi imeneyo munthu akadziwika kuti ali ndi kachilombo ma landilodi ambiri amamukana mpaka ena kumagona m'masiteshoni a sitima. A King ndi m'busa wa Baptist komanso anaphunzira zamalamulo ku yunivesite ya Yale, ndiye zikafika kukhoti amadziwa poponda. A Cylar anamwalira mu 2004. Chimene chimandigometsa ine ndi kapezedwe kawo ka ndalama, anatsegula mashopu a kaunjika ndi shopu ya mabuku yomwe mumagulitsidwanso khofi, osamangodikira ma donor basi.

Kumbali ya achinyamata a LGBT (monga amuna kapena akazi okondana okhaokha) osowa pokhala kuli Carl Siciliano, mkuluyu anakhalako kwa amonke kenako nkumagwira ntchito ndi anthu osowa pokhala. Mu 2002 anatsegula Ali Forney Center, malo ogona achinyamatawa ku New York, ndi mabedi 6 okha m'chipinda cha pansi pa tchalitchi, dzinalo ndi la wachinyamata amene ankamudziwa yemwe anawomberedwa ku Harlem, dera la mumzinda womwewo, mu 1997. Ana ambiri ofika kumeneko amakhala oti makolo awo awathamangitsa pakhomo. Bea Arthur, mayi wa zisudzo za pa TV ku America, anasiyira bungweli madola 300,000 mu wilo yake. A Siciliano anatula udindo mu 2020, anatenga ndi Alex Roque.