Achimwene, bambo tiziwagulira ya Loweruka

Achimwene, mwaswera bwanji kumeneko? Alamu ndi ana ali bwanji? Ndaona funso lanu pagulupa, lakuti mukufuna muzitumiza kangachepe mwezi ndi mwezi kuti bambo azikhala ndi chowerenga, ndiye mukufunsa ngati tiziwagulira nyuzipepala ya tsiku ndi tsiku, kapena muzipatsira anthu obwera pa basi magazini aja, The Economist yotuluka kamodzi pa sabata ndi Time, amene mumawaona m'masitolo a ku Joni. Ndati ndingolankhula, kulemba kunditalikira.

Choyamba ndithokoze, mwaganiza bwino kwambiri. Chipumire ntchito ya uphunzitsi, bambo akusowa chowerenga. Ulendo watha ndinawapeza akuwerenga pepala limene amayi anakulungiramo usipa kumsika, mpaka analiwongola bwinobwino pa bondo. Zinandikhudza.

Maganizo anga ndi akuti tiziwagulira ya kamodzi pa sabata, koma yakonkuno. Ndifotokoze.

Nyuzipepala ya tsiku ndi tsiku, kaya The Nation kaya The Daily Times, ntchito yake ndi kukuuza zimene zachitika dzulo. Atolankhani amathamanga ndi nthawi, usiku amasindikiza ku Blantyre, m'bandakucha galimoto zanyamuka. Kwa ine kuno ku Lilongwe zimathandiza, ndimaipeza m'mawa. Koma bambo ali kutali ndi pa boma pa Ntcheu. Kuti pepala liwafike m'manja pafunika munthu wa kabaza, ndipo likamafika dzuwa lapendeka, nkhani ija anaimva kale pa Zodiak kapena pa MBC dzulo lake madzulo. Mukuwadziwa bambo, wayilesi saisiya. Ndiye tizilipira pepala, tizilipiranso kabaza kasanu pa sabata, kuti awerenge zimene akuzidziwa kale?

Ya Loweruka ndi ina. Malawi News ndi Weekend Nation amakhala ndi masiku angapo ofufuza, kufunsa mbali zonse, ndi kupeza odziwa za nkhaniyo kuti aitambasule. Mukukumbuka pa 3 February 2020, oweruza asanu aja atafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019? Linali Lolemba, tonse tinakhala pa wayilesi tsiku lonse mpaka mdima. Kuti chisankho chafafanizidwa aliyense anamva pompo. Koma funso limene bambo anandiimbira nalo linali lakuti, kodi 50+1 imeneyi ikutanthauza chiyani, nanga wina akapanda kuifikira zikhala bwanji? Mafunso otero sayankhidwa ndi mutu wa nkhani wa tsiku limodzi. Amafuna munthu wakhala pansi, wawerenga chigamulo, n'kulemba modekha. Chimodzimodzi mu Novembala 2023 pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Kumva kuti yagwa n'kosavuta. Chimene munthu wa penshoni amafuna kudziwa ndi chakuti n'chifukwa chiyani, ndipo feteleza ndi shuga zikwera motani. Bambo ndi munthu wa "chifukwa chiyani", moyo wawo wonse akhala akufunsa ana a sukulu funso lomweli.

Ndiye pali amayi. Tisawaiwale. M'nyuzipepala za Loweruka mumakhala masamba a Chichewa, Tamvani mu Weekend Nation, Tikambe mu Malawi News. Amayi Chingerezi chimawavuta, koma masamba amenewo adzawerenga okha, osadikira kuti bambo awamasulire. Pepala limodzi, anthu awiri, sabata yonse. Likachoka apo lipita kwa amalume, kenako kwa aphunzitsi a pafupi paja.

Za magazini anuwo, sindikuwanyoza ayi. The Economist inayamba ku London mu 1843, Time ku America mu 1923, ndipo njira imene ndikuyamikirayi, yodikira sabata ithe kenako n'kufotokoza nkhani mwakuya, ndi imene iwo amaidziwa bwino. Magazini sakalamba msanga ngati nyuzipepala, ngakhale atafika patatha milungu itatu amawerengekabe. Vuto ndi lakuti nkhani zake zambiri ndi za ku America, ku Ulaya ndi ku Asia. Dzina la Malawi mutha kulisaka miyezi osalipeza. Zilembo zakenso n'zing'onozing'ono, maso a bambo aja atopa. Mukapeza wobwera, mpatsireni imodzi kapena ziwiri, adzasangalala nazo, makamaka ikakhala ndi nkhani za mu Africa. Koma zisakhale zodalira. Kuno magazini a nkhani amene bambo anazolowera sanali a pa sabata, anali a pa mwezi. Mukukumbuka mulu wa Moni uja unkakhala m'katoni pansi pa bedi, wochokera ku Montfort ku Limbe? Ankawerenga n'kubwerezanso, ena mpaka chikuto kuthothoka. Umu ndi mmene bambo amawerengera, pang'onopang'ono, pensulo ili m'manja.

Pamene ya tsiku ndi tsiku imaposa ndi pa zidziwitso. Ntchito zikatuluka, malo a sukulu, mauthenga a boma, zambiri zimalengezedwa mkati mwa sabata, ndipo zimakhala ndi tsiku lotsekera. Ndiye kwa mphwathu uja amene wamaliza ku koleji, amene akusaka ntchito, iyeyo ndiye wofunika kuona pepala tsiku lililonse. Koma ameneyo ali m'tauni, atha kupita ku laibulale ya National Library kukawerenga, kapena ndizimujambulira masamba a ntchito pa foni. Zimenezo ndisiyireni ine.

Nyuzipepala ziwirizi bambo akuzidziwa kuyambira kale. Malawi News inayamba mu 1959, nthawi yomenyera ufulu, The Nation mu 1993, chaka cha referendamu, ndipo pa chiyambi cha zonse ziwiri panali malemu Aleke Banda. Ndiye tisawasankhire, tiwafunse okha imene akufuna, kapena azisinthasintha, sabata ino iyi, sabata yamawa inayo.

Ndalama yotsalayo, achimwene, chonde tiwapimitse maso. Magalasi amene ali nawo ndi akalekale, ndinaona akutalikitsa pepala kuti aone bwino. Ndikapita mwezi wamawa ndikawatengera kuchipatala, ndipo ndikalankhula ndi mnyamata wa kabaza amene amapita pa boma Loweruka lililonse kuti aziwatengera. Mundiuze tsiku limene mutumize, ndiwadziwitse amayi. Moni kwa alamu.