Ndikagwada mawu sakutuluka: yankho kwa mayi amene akudwazika amuna awo

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Blantyre. Anandilola kuwayankha poyera, bola ndisatchule dzina lawo. Nkhani yawo mwachidule ndi iyi. Amuna awo anadwala sitiroko mu 2023 ndipo mbali imodzi ya thupi inafa. Bizinesi ya kaunjika imene inkadyetsa banja inagwa kumapeto kwa chaka chomwecho, kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala, belo n'kukwera mtengo mosafikirika. Mayiwa asala kudya, akwera kuphiri, achezera m'mapemphero, ndipo kawiri konse anakafesa "mbewu" kwa mneneri wina ndi ndalama za katapila. Mneneriyo anawauza kuti chozizwa chikuchedwa chifukwa chikhulupiriro chawo n'chochepa. Kalatayo ikutha ndi mawu awa: "Masiku ano ndikagwada mawu satuluka. Ndimangokhala duu mpaka tulo tinditenge. Kodi ndabwerera m'mbuyo? Ndipitirire bwanji poti mphamvu zandithera?"

Mayi, pepani kwambiri ndi matendawa. Funso lanu loyamba ndiliyankhe mosazungulira: simunabwerere m'mbuyo. Wobwerera m'mbuyo sagwada n'komwe, ndipo sizimuwawa kuti mawu sakutuluka. Inu mwatopa. Kutembenuza munthu wamkulu pabedi, kumusambitsa, kumumwetsa phala, kulawirira kuchapa zofunda, kenako n'kukhala pansi kuwerengera lendi ndi fizi ya ana, tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali chonchi, ndani angapirire osafooka?

Ndikufuna mutsegule 1 Mafumu 19, pang'onopang'ono, ngakhale mukuidziwa kale. M'mutu 18 Eliya anaima yekha pa phiri la Karimeli pamaso pa aneneri 450 a Baala, anapemphera, moto n'kutsika. Anapempheranso, mvula imene inasiya kugwa zaka zitatu ndi theka n'kukhuthuka. Ngati panali munthu wa chikhulupiriro m'dziko monse tsiku limenelo, anali iyeyo. Koma Yezebeli atangomutumizira uthenga woti amupha, anathawa mpaka ku Beereseba, n'kusiya mnyamata wake kumeneko, n'kulowa yekha m'chipululu ulendo wa tsiku lathunthu. Anakhala pansi pa kamtengo, n'kupempha kuti afe. Anati zakwana.

Tsono taonani zimene Mulungu anachita. Sanamukalipire. Sanamufunse kuti chikhulupiriro cha pa Karimeli chija chapita kuti. Anamusiya agone. Kenako mngelo anamukhudza n'kumuuza kuti adzuke adye, ndipo kumutu kwake kunali mkate wootcha pa makala ndi botolo la madzi. Anadya, anamwa, anagonanso. Mngelo anabweranso kachiwiri ndi chakudya, n'kumuuza chifukwa chake: ulendowu wakukulira. Mawu amenewa amandikhudza nthawi zonse. Kumwamba kunavomereza kuti katunduyo anali wolemera kuposa munthuyo. Kulankhula kwenikweni kunadzachitika patapita masiku 40, ku phanga la ku Horebu, osati mu mphepo yamkuntho, chivomezi kapena moto, koma m'mawu a kayaziyazi. Kumenekonso n'komwe anauzidwa kuti sali yekha monga ankaganizira, alipo anthu 7,000 amene sanagwadire Baala.

Choncho mukagona muli chigwadire, musadzuke ndi mlandu mumtima. Mwina tulo timeneto ndiye mkate wanu wa tsikulo.

Za mneneri uja ndilankhula mosabisa, chifukwa mawu ake akupwetekani kuposa ndalama zimene anatenga. Si zoona kuti aliyense amene sanachire ndiye kuti wina wake anaperewera chikhulupiriro. Paulo, amene nsalu zokhudza thupi lake zinkachiritsa odwala ku Efeso, anapempha katatu kuti minga ya m'thupi mwake ichoke ndipo sinachoke. Yankho limene analandira pa 2 Akorinto 12:9 linali lakuti chisomo cha Ambuye chimukwanira, pakuti mphamvu yawo imaonekera bwino mu ufooko. Paulo yemweyo anasiya Trofimo akudwala ku Mileto. Ambuye Yesu ku Getsemane anapempha katatu kuti chikho chiwapitirire, ndipo Luka 22:43 akutiuza kuti kunabwera mngelo wodzawalimbikitsa. Chikho sichinachoke. Kodi tinganene kuti Mwana wa Mulungu anali ndi chikhulupiriro chochepa?

Ndipo mphatso ya Mulungu sigulidwa. Simoni wa ku Samariya atatulutsa ndalama kuti agule mphamvu ya Mzimu, Petro anamudzudzula koopsa pa Machitidwe 8:20. Mayi, chonde, musakatengenso katapila chifukwa cha pemphero. Ndalama imeneyo ndi ya mankhwala a BP a bambo, ya thiransipoti yopitira ku mafizo, ya ufa wa ana. Kumwetsa bambo mankhwala mokhulupirika ndi kuwaongola miyendo monga a kuchipatala anakuphunzitsirani si kusakhulupirira Mulungu ayi. Sindikunyoza mapemphero a kuphiri, ine ndemwe ndinakwerapo ndipo ndinathandizika. Koma Mulungu amene amamva pa Soche kapena pa Bunda amamvanso pambali pa bedi la wodwala, pamene simungachoke.

Sindikulemba izi ngati munthu woonera patali. Mayi anga ondibereka atagonekedwa m'chipatala kwa miyezi ingapo, gadiyani ndinali ine. Ndinkagona pansi pa simenti, chitenje n'kuyala, china n'kufunda. Masabata oyamba ndinkapemphera mokweza, ndi mavesi, ndi misozi. Pofika mwezi wachiwiri ndinauma gwa. Ndinkatsegula Baibulo n'kumangoona zilembo. Chimene chinatsala m'kamwa mwanga chinali pemphero lija tinaloweza ku Sande Sukulu, Atate wathu wa kumwamba, ndipo masiku ena ndinkathera pa mawu opempha chakudya chathu chalero osapitirira. Ndinkachita manyazi nalo, ndinkaliona ngati pemphero la ana. Panopa ndimaona kuti ndi limene linandigwira dzanja. Mayi anga sanachire, anatisiya. Ndikunena zimenezi kuti musaganize kuti ndikukulonjezani zimene Mulungu sanalonjeze. Ndikupempherera bambo kuti adzuke ayende, ndipo Mulungu angathe kutero. Koma chimene ndingachitire umboni ndi maso anga n'chakuti m'mawa uliwonse ndinkapeza mphamvu zokwanira tsiku limenelo lokha, zoti sindikudziwa kumene zinkachokera. Zinali ngati mana a m'chipululu aja, amene sankasungika kufikira mawa.

Tsono pa funso lanu lachiwiri, loti mupitirire bwanji.

Siyani kuyeza pemphero ndi kutalika kwake kapena kutentha kwake. Tinazolowera kuganiza kuti pemphero lamphamvu ndi la thukuta ndi mawu osasa, koma Aroma 8:26 akunena kuti ife sitidziwa kupempha monga kuyenera, ndipo Mzimu mwini amatipempherera ndi mabuulo osatheka kuneneka. Kukhala duu kwanu kuja, mutagwada pamaso pa Mulungu, kuli ndi womasulira. Ngati mawu anu atha, bwerekani a ena. Salmo 13 limafunsa kuti "mpaka liti" kanayi konse m'mavesi awiri oyamba. Salmo 88 ndiye lilibe n'komwe mathero okoma, limathera mu mdima, komabe Mulungu analola kuti likhale m'buku lake kuti anthu ngati inu ndi ine tipeze chonena. Liwerengeni mokweza, ngakhale mtima usakutsatireni. Kapena tengani mawu a bambo uja wa pa Marko 9:24, amene anali ndi mwana wodwala, n'kuuza Yesu kuti akukhulupirira koma amuthandize kusakhulupirira kwake. Yesu sanamubweze kuti akayambe wadzaza chikhulupiriro. Mungawanene mawu amenewo mukuchapa, mukuvundula phala, mukuyembekeza minibasi.

China chimene ndachiona m'kalata yanu n'chakuti simunatchulemo munthu aliyense amene akukuthandizani. Mwatchula mneneri, mwatchula wa katapila, basi. Mwina mwakhala mukubisa, poopa kuti anthu aziti banja lija lagwa. Mayi, mutu umodzi susenza denga. Pa Eksodo 17 Mose anakweza manja pa nkhondo ya Aamaleki mpaka manja analema. Sanauzidwe kuti alimbe mtima. Aroni ndi Huri anamuikira mwala kuti akhalepo, wina n'kugwira dzanja ili, wina linalo, mpaka dzuwa kulowa. Mphamvu ya Mulungu tsiku limenelo inadzera m'mikono ya anthu awiri.

Simunandiuze mpingo wanu. Ngati ndinu a CCAP, amayi a Mvano alipo. Ngati ndinu a Katolika, muli ndi mphakati wanu. A Seventh Day ali ndi amayi a Dorika, ndipo mipingo ina ili ndi magulu ake a m'makomo. Pitani kwa mayi mmodzi yekha amene mumamukhulupirira, wosunga chinsinsi, mukamuuze zonse monga mwandiuzira ine, ndi ngongole yomwe. Mukapemphe zinthu zooneka: wina adzakhale ndi bambo masana amodzi pa sabata kuti inu mugone, kapena mupite kutchalitchi mukangokhala kumbuyo n'kumamvera anzanu akuimba. Abale a bambo nawonso auzeni momveka kuti wodwalayu ndi wawo, asinthane nanu. Kupempha chithandizo chotere si kudandaula kopanda chikhulupiriro.

Ndiwonjezere chimodzi, poti Eliya uja anafika popempha imfa. Ngati tulo tikumasowa masiku ambiri, chakudya sichikulowa, kapena maganizo oti bola kungofa akumakubwererani, musawasunge nokha. Uzani a dokotala tsiku limene mukuperekeza bambo, ndiponso abusa anu kapena mayi uja. Matenda a maganizo amagwira ndi anthu opemphera omwe, ndipo thandizo lake lilipo.

Usiku uno, mukawagoneka bambo, musadzikakamize kuchezera. Khalani pambali pawo, agwireni dzanja limene likugwira ntchitolo, munene Atate wathu limodzi nawo ngati angathe, kapena muwanenere. Mukathera pakati, Mulungu akudziwa mawu otsalawo. Kenako mugone. Ine ndi anzanga awiri amene timakumana Lachinayi tatenga dzina lanu ndi la bambo, ndipo tizikutchulani sabata iliyonse. Mundilemberenso mukakaonana ndi mayi uja, ndimve kuti zayenda bwanji.