Pedo ikalowa pansi pa mtsetse, musathamangire mapadi

Achimwene, mwati pedo ya buleki ya Corolla yanu ya 1998 inalowa mpaka pansi mukutsika mapiri opita ku Chikwawa, koma mutaima kwa kanthawi mabuleki anayambanso kugwira, ndiye mukufunsa ngati mapadi atsopano angathetse vutoli. Paokha ayi. Zomwe mwafotokozazi n'zizindikiro za brake fluid (mafuta a mabuleki) yowira.

Fluid imeneyi imayamwa chinyontho chamumpweya pang'onopang'ono. Ya mtundu wa DOT 3 yatsopano siwira isanafike madigiri 205 a Celsius, koma ikamwa madzi imatha kuwira pa 140. DOT 4 ndi 230 ikakhala yatsopano, 155 ikakhalitsa. Mukatsika mtsetse wautali phazi lili pabuleki, madisiki amatentha, moto uja umafika mu caliper (chipangizo chokanikiza mapadi padisiki), fluid n'kuwira n'kupanga nthunzi m'mapaipi. Nthunzi imafinyika, ndiye mukaponda mumangofinya nthunziyo, mapadi osakanikiza disiki. Ikazizira zonse zimabwerera mwakale, ndipo apa ndi pomwe ambiri amanyengeka kuti galimoto yachira yokha.

Tsegulani boneti muone kabotolo ka fluid. Yabwino imakhala yoyera mbee, yachikasu pang'ono. Ngati ikuoneka ngati tiyi wopanda mkaka, ichoke yonse, osangothirira pamwamba. Lita imodzi imakwana. Gulani yosatsegula, mtundu womwe walembedwa pachivundikiro, ndipo DOT 5 isayandikire chifukwa siphatikizana ndi inzakeyo. Pobulida (kutulutsa fluid yakale ndi mpweya m'mapaipi) yambani tayala lakutali ndi master cylinder (pampu yomwe pedo imakankha), lomwe pagalimoto ya chiwongolero kumanja nthawi zambiri ndi lakumbuyo kumanzere. Wina azipopa pedo, wina azitsegula nipo (kabawuti kotulutsira fluid kutayalako), kabotolo kasaume. Muzichita zimenezi zaka ziwiri zilizonse.

Komabe galimoto ya zaka zimenezo siikhala ndi nthenda imodzi. Injini ikulira, pondani pedo ndi mphamvu yofanana kwa masekondi 30. Ikamatsika yokha pang'onopang'ono pomwe palibe podontha, marabala a m'kati mwa master cylinder atha. Fluid ikamadontha, malo oyamba kuona ndi kumatayala akumbuyo. Chotsani dilamu, tukulani kalabala ka wheel cylinder (kasilinda kokankha mashuzi a buleki), mukapeza kwanyowa sinthani mbali zonse ziwiri pamodzi ndi mashuzi, poti mashuzi omwe amwa fluid sagwiranso ngakhale muwatsuke ndi petulo.

Mapaipi alabala opita kumatayala apindeni ndi dzanja, ang'alu kapena chotupa chikaoneka atayeni. Achitsulo atsateni pansi pa galimoto mpaka kumbuyo, makamaka ngati inachokera ku UK komwe amathira mchere m'misewu nthawi yachisanu. Dzimbiri limadya m'malo omwe paipi yamangidwa ndi tizogwirira, ndipo imaphulika tsiku lomwe mwaponda mwamphamvu. Amakanika ena amapinda paipi yodontha n'kuitswanya kuti mufike kunyumba. Mukatero mukuyenda ndi mabuleki a matayala atatu, ndipo galimoto imakokera mbali imodzi.

Mapadi akatsala mamilimita 3 asinthidwe. Limodzi likadyeka kuposa linzake, mapini a caliper akakamira, ndipo padi lokhuza disiki nthawi zonse ndi lomwenso limawiritsa fluid. Mapiniwo apakidwe girisi wa silicone, wamba amatupitsa malabala.

Kayendetsedwe nakonso. Mtsetse ngati wa Chikwawa, Chiweta kapena Golomoti utsikidwe ndi giya 2 kapena 3, ya otomatiki muike pa 2 kapena L, injini izigwira galimoto. Zija zoika pa nyutulo populumutsa mafuta n'zomwe zimapsereza mabuleki. Pedo ikadzalowanso, ipopeni mofulumira, tsitsani magiya imodziimodzi, kokani handibuleki pang'onopang'ono chala chili pabatani kuti matayala akumbuyo asamangike. Injini musazimitse, chifukwa booster, yomwe imafewetsa pedo, imadalira injiniyo ndipo pedo imauma gwa mukangoponda kawiri kapena katatu.